Kwa a kampani ya mankhwala a ulimi ku Luwinga: klorini sangatsuke zitsime zathu

Akuluakulu a kampani, ndikulemba pa tsamba lanu lino chifukwa ku ofesi kwanu timangothera pa geti, kwa alonda. Kalata yomwe komiti ya m'dera mwathu idakupatsirani simudayankhe mpaka lero, koma pa Facebook pano ndikuona mumayankha msangamsanga munthu akafunsa mtengo wa feteleza. Ndiye tikambirane pompano, aliyense akuona.

Ndine mmodzi mwa anthu okhala kunsi kwa mpanda wanu, komwe kumathera ngalande yochokera kuseri kwa nyumba yanu yosungiramo katundu. Nkhaniyi mukuidziwa. Anyamata anu akhala akutsukira madramu ndi zigubu za mankhwala pa dothi, zotsukazo n'kumalowa pansi, zina n'kumatsetsereka ndi ngalande kubwera kudambo. Mvula ya kuno ku Mzuzu simaseweretsa, imagwa mpaka Epulo, ndipo m'madambo muno madzi ali pafupi kwambiri. Zitsime zathu zambiri n'zokumba ndi manja, zosazama. Chomwe mwataya kumtunda kwanuko, ife timatunga ndi ndowa. Madzi a m'zitsime zoyandikana ndi ngalandeyo adayamba kumveka kafungo ka m'sitolo ya mankhwala a mbewu, ndipo amayi ochapira madziwo akudandaula za kuyabwa m'manja.

Titadandaula mudachita chiyani? Mudatuma bwana wina ndi galimoto, kudzagawa timabotolo ta WaterGuard, n'kutiuza kuti tiziwiritsa madzi. Kenako mudathira miyala ya kwale pamalo potsukira paja kuti pasaoneke. Mwa zonse, chomwe chandipweteka kwambiri ndi timabotoloto. Ife klorini timamudziwa bwino, adatithandiza nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023. Ntchito yake ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. Nanga mankhwala ophera mbozi ndi udzu ali ndi moyo woti klorini awuchotse? Kuwiritsa nakonso sikuthandiza: madzi amachepa pothawa ngati nthunzi, mankhwala ambiri n'kutsalira mumphika momwemo. Inu mumagulitsa mankhwalawa, muli ndi akatswiri ophunzira, zimenezi mukuzidziwa kuposa ine. Mudangofuna kuti tikhale chete. Ndipo choopsa n'chakuti mayi yemwe wathira kapu ya klorini mu ndowa amamwetsa mwana wake mtima uli m'malo.

Pa zigubu zomwe zimatuluka kwanuko timawerenga mayina monga atrazine, chlorpyrifos ndi cypermethrin. Atrazine, uja wophera udzu m'minda ya chimanga, sagwira dothi kwenikweni, amatsika ndi madzi. Mayiko a European Union adasiya kumulola mu 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi a pansi pa nthaka. Komanso nyumba yanuyo ndi yakale. Tiuzeni ngati mudasungidwapo mankhwala a kale monga aldrin ndi dieldrin, omwe adaletsedwa ndi pangano la Stockholm la 2001, lomwe dziko lathu lino lidalowamo. Amenewo amakhala m'dothi zaka zambirimbiri. Bungwe la WHO limati aldrin ndi dieldrin asapyole mayikrogalamu 0.03 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kamlingo kotere palibe diso kapena mphuno yomwe ingakazindikire. Tsono mawu aja a bwana wanu, oti madzi ayera ndipo fungo latha, musawabwerezenso. Madzi amatha kuoneka mbee ali ndi poizoni.

Ndinenepo za zigubuzo. Malangizo ake ndi odziwika: chigubu chikatha, chitsukidwe katatu, zotsukazo zithiridwe mu sipuleya, kenako chiboolewe kuti wina asachigwiritsenso ntchito. Kwanu zigubu zimatuluka zamphumphu, n'kumagulitsidwa panja pa geti. Muyende m'makomo muno muone zomwe zikusungidwamo: madzi akumwa, thobwa, mafuta ophikira. Sindikuimba mlandu anyamata a ganyu, iwo akusaka ya sopo. Wolola kuti chigubu chituluke chosaboola ndi mwini kampani.

Kuyeretsa kwenikweni si kubisa malo ndi miyala. Kumayamba ndi kusiya kutaya, ndi kumanga potsukira pa simenti pomwe madzi ake amasonkhana osalowa pansi. Kenako akatswiri osadya nanu mbale imodzi atenge dothi ndi madzi kukayeza ku labu, osati chitsime chimodzi chomwe mwasankha nokha, koma kuyambira kumpanda kwanu kutsika mpaka kudambo, ndiponso nyengo ya mvula ndi ya chilimwe yomwe, chifukwa madzi a pansi amakwera ndi kutsika. Amakumbanso timijigo toyezera kuti aone komwe mankhwala alowera ndi pomwe afika. Dothi lomwe lidamwa mankhwala limafukulidwa n'kukasungidwa kapena kuwonongedwa moyenera, apo ayi mvula iliyonse liziwonjezera poizoni m'madzi. Madzi owonongekawo amapopedwa n'kudutsitsidwa m'masefa a makala okonzedwa mwapadera, omwe akatswiri amati activated carbon, si makala athu a pa mbaula ayi. Ntchitoyi imadya ndalama ndipo imatha kutenga zaka. N'chifukwa chake mukuizemba, tikudziwa.

Koma lamulo silikusiyirani mpata wosankha. Environment Management Act ya 2017 ili ndi mfundo yoti wowononga chilengedwe ndiye alipire kukonza kwake, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA lidakhazikitsidwa ndi lamulo lomweli. Kasungidwe ndi katayidwe ka mankhwala amene mumagulitsa kamayang'aniridwa ndi Pesticides Control Board, pansi pa lamulo la 2000. Madzi a pansi pa nthaka ali m'manja mwa National Water Resources Authority malinga ndi lamulo la madzi la 2013. Komiti yathu yagwirizana kuti dandaulo lino lipite konseko, pamodzi ndi zithunzi za ngalande ndi za zigubu, komanso kwa khansala wathu.

Wina asandimve molakwa: sindikunena madzi a m'mipopi. Amenewo amachokera ku damu la Lunyangwa, kumtunda ku Kaning'ina, kutali ndi ngalande yanu. Vuto n'lakuti si nyumba zonse kuno zili ndi mpopi, ndipo kugula madzi pa kiyosiki a kumwa, kuphikira, kusamba ndi kuchapa tsiku ndi tsiku si zotheka kwa mayi wogulitsa tomato. Ndalama imeneyo bwanji ituluke m'thumba mwake pomwe chitsime chake adachiwononga ndi inu?

Tikupempha zinthu zomveka. Tumizani galimoto ya madzi abwino kapena lipirani madzi a pa kiyosiki kwa mabanja okhudzidwa kufikira zitsime zitayezedwa. Zotsatira za ku labu zibwere pa pepala, ziwerengedwe pa msonkhano wa m'dera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati kungotiuza pakamwa kuti zonse zili bwino. Mutipatse mndandanda wa mankhwala onse omwe adasungidwapo m'nyumbamo, ndi tsiku lomwe muyambe kufukula dothi lija. Ndipo musanditumizire uthenga kumbali wondipempha kuti ndichotse zomwe ndalembazi. Yankhani pansipa, anthu a ku Luwinga awerenge okha.