Chiyembekezo cha chaka chino tichigwirire ntchito Malichi asanathe

A Mkonzi,

Zikomo potipatsa danga m'nyuzipepala yanu. Chaka chatsopanochi tachilowa ndi mtima woyembekezera zabwino, ndipo tati tifotokoze chomwe chatilimbitsa mtima, komanso zofunika kuchitika pakati pa Januwale ndi Malichi kuti chiyembekezochi chisathere pa kufunirana mafuno abwino.

Voti ya Mmalawi masiku ano ikuopedwa. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Pa 23 Juni chaka chomwecho anthu anasintha boma. Pa 16 Sepitembala 2025 anasinthanso, ndipo a Lazarus Chakwera anavomera kugonja bungwe la MEC lisanalengeze kuti a Peter Mutharika apambana. Kaya munavotera yani, phungu ndi khansala wanu akudziwa tsopano kuti mpando wawo si ufumu wosiyirana pamtundu. Munthu wodziwa zimenezi amamva mukamuyankhula.

Koma walira mvula walira matope. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti bajeti ikukonzedwa miyezi inoyi. Mudzi umene ukufuna mjigo, mlatho kapena nyumba ya mphunzitsi usadikire kuti phungu adzabwere pamaliro ndiye amunong'oneze. Pempho lapakamwa silifika kukhonsolo. Njira yake ndi iyi: nkhaniyo ikambidwe ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ilembedwe m'maminitsi, ipite ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenaka khansala akaitule kukhonsolo. Mapempho ambiri amafera m'njira chifukwa mudzi umodzi umatumiza zinthu khumi nthawi imodzi popanda kunena choyamba ndi chiti. Sankhani chimodzi kapena ziwiri. Lembani malo ake enieni, mabanja amene adzapindule, mtunda umene amayi akuyenda kukafika pa mjigo wapafupi, ndi zimene mudzi udzasonkhe, monga mchenga ndi miyala. A gulupu asaine, ndipo kalata ina yofanana nayo, yodindidwa tsiku limene yalandiridwa, itsale kwa mlembi wa VDC. Kalata yotsalayo ndi imene mudzagwiritse ntchito akadzakuuzani kuti pempho lanu sanalione.

Ntchito ikavomerezedwa, kaya ndalama zake ndi za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kapena za thumba lina, m'pamene anthu ambiri amagona. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, koma kumidzi likudziwikabe pang'ono, zomwe zimatipweteka mtima kwambiri. Nzika iliyonse ikhoza kulembera khonsolo kufunsa dzina la kontilakitala, mtengo wa ntchito yonse, ndandanda wa zipangizo ndi tsiku lomaliza ntchitoyo. Akakana kapena akangokhala chete, dandaulo lipite ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene limayang'anira lamuloli. Komiti ya pamalopo iziwerenga matumba a simenti ndi malata tsiku limene zafika, n'kulemba m'kope. Midadada ya sukulu imene imaima pa mawindo zaka n'zaka imatero kawirikawiri chifukwa wina anasainira kuti gawo la ntchito latha asanapite kukaona, ndalama n'kutuluka. Makomiti aumirire kuti aziona ndi maso gawo lililonse ndalama yake isanaperekedwe.

Pakhomo napo chaka chimapindulika kapena kuonongeka miyezi yomweyi. Fetereza wobereketsa wa Urea amafunika patatha pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera, m'munda mutapaliridwa kale, apo ayi mukudyetsa udzu. Bowolani kadzenje pafupifupi masentimita 10 kuchokera pa phesi, thirani, ndipo kwirirani. Urea wongomwaza pamwamba amauluka ndi dzuwa kapena kukokoloka ndi mvula yamphamvu, ndipo wokhudza phesi amaliwotcha. Ntchemberezandonda ziyenderedwe m'mawa kawiri pa sabata, poyang'ana m'kati mwa nsonga ya chimanga momwe zimabisala. Mukaona timabowo m'masamba ndi zinyalala zonga utuchi, funsani mlangizi mankhwala oyenera mbozizo zidakali zazing'ono, chifukwa zikakula mankhwala sazigwira bwino.

Chimene tikuchonderera kwambiri ndi ichi: musagulitse chimanga chidakali m'munda, ndipo katapila mumuthawe. Tikudziwa kuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, nkhokwe zapepuka, ana akufuna zakusukulu za teremu yachiwiri. Komabe wogula chimanga chosakhwima amadula mtengo wake iye, ndipo banja lomwelo lidzagula chimanga chomwecho pamtengo wokwera njala ikadzabweranso.

Apa m'pamene banki mkhonde yoyendetsedwa bwino imapulumutsa. Magulu ambiri anagawana mu Disembala ndipo akuyambiranso tsopano, choncho ino ndi nthawi yokonza malamulo. Gulu likhale la anthu 15 mpaka 25 odziwana. Masheya akhale a mtengo umene wosaukitsitsa m'gulumo angakwanitse, munthu azigula limodzi mpaka asanu pa msonkhano. Ngongole isapitirire katatu ndalama zimene munthu wasunga. Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi ake asungidwe ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi asakhale ndi kiyi ngakhale imodzi. Ndalama ziwerengedwe mokweza pamaso pa onse. Thumba la zadzidzidzi, la matenda ndi maliro, lisasakanikirane ndi la ngongole.

Magulu amene amathera kwa a mfumu kapena kupolisi amagwa pa zinthu zodziwika: kukakamiza membala aliyense kutenga ngongole kuti chiwongoladzanja chichuluke, kubwereketsa anthu akunja kudzera m'dzina la membala, ndi kulola munthu kukhala m'magulu anayi, n'kumatenga uku kukabweza uko. Zitatuzi ziletsedwe m'malamulo olembedwa, ndipo aliyense asaine kapena adinde chala tsiku la msonkhano woyamba, sheya yoyamba isanagulidwe.

Ife owerenga anu,
Ntcheu