Vesi ya pagalasi sinandibwezere mpamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za chiphunzitso chimene chafala pa WhatsApp ndi pa Facebook, choti ukamalankhula mavesi a chuma m'mawa uliwonse ndalama zimabwera zokha. Izi sindinachite kumva, ndinaziyesa ndekha.

Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wanga sunakwanenso belo lathunthu. Mnzanga wapabenchi anandilowetsa m'gulu la mapemphero la pafoni. Mtsogoleri wake, amene tinkangomutchula kuti Papa, anatipatsa mawu oti tizinena kasanu ndi kawiri kusanache: "Ndine mutu, sindine mchira. Ndalama zikundifunafuna." Ndinalemba Afilipi 4:19, vesi yonena kuti Mulungu adzakwaniritsa chosowa chanu chilichonse, pakapepala n'kumata pagalasi. Kudandaula kuti malonda avuta kunali koletsedwa, ati ukudzilodza ndi pakamwa pako. Kenako panabwera za kudzala mbewu. Ndinakongola K40,000 kubanki m'khonde n'kutumiza yonse kwa Papa, ndikuyembekeza zokolola zoposa pamenepo kakhumi.

Miyezi itatu inadutsa, zii. Amayi a kubanki m'khonde anabwera n'kunyamula wailesi ndi mapoto anga awiri, aneba akuonerera. Nditawauza Papa, anati chikhulupiriro changa n'chochepa, ndionjezere mbewu.

Amene ananditsegula maso ndi mwana wanga wa Fomu 2. Tsiku lina anatenga Baibulo n'kundiwerengera chaputala chonsecho, osati kavesi kanga kokha. Kani Paulo analemba kalatayo ali m'ndende, akuthokoza Afilipi chifukwa cha thandizo limene anamutumizira kudzera mwa Epafrodito. Pa vesi 12 akuchita kunena yekha kuti kukhuta amakudziwa, njalanso amaidziwa. Munthu wotere akanalowa m'gulu lathu lija, bwenzi tikumudzudzula kuti akulankhula umphawi! Ndipo ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila kuti apeze chakudya. Yoswa 1:8, yomwe Papa ankaikonda kwambiri, imati ulingirire mawu a m'buku la chilamulo usana ndi usiku kuti usamale kuchita zolembedwamo. Ife liwu lakuti "kuchita" tinkalilumpha ngati chithaphwi.

Musandimve molakwa, kupemphera sindinasiye. Tsiku limene ndakhala padzuwa osagulitsa ngakhale siketi imodzi, Salimo 23 ndi limene limandigoneka tulo. Koma pempho langa kwa abusa ndi aneneri ndi ili: mukapatsa mayi wa geni vesi, mupatseninso mavesi oyandikana nayo, ndipo musamufunse mbewu musanamufunse kumene aitenge.

Kapepala kaja kadakali pagalasi. M'munsi mwake ndinamata kena kolembapo ngongole ya kubanki m'khonde, ndipo Lachisanu lililonse ndimachotserapo zimene ndabweza. Zatsala K12,000, kenako ndikawombole mapoto.

Mayi wa geni,
Bangwe, Blantyre