Mphatso zaulemu zili m'mbali mwa msewu wathu womwewu

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za mphatso zimene timapatsana pa chinkhoswe, pa ukwati, pa Tsiku la Anakubala ndi pa Khirisimasi, chifukwa nyengo ya maukwati yafika ndipo ambiri tayamba kale kuzungulira m'masitolo. Ine ndine mayi wa ku Bembeke kuno ku Dedza, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi chisoni chimene ndimamva poona kuti katundu wokongola, wolimba ndiponso wosaononga chilengedwe timamudutsa m'mbali mwa msewu, n'kukataya ndalama pa zinthu zimene sizimaliza ndi zaka ziwiri zomwe.

Zaka zitatu zapitazo mwana wa achemwali anga adachita chinkhoswe kufupi ndi Kampepuza ku Ntcheu. Itakwana nthawi ya mphatso, patsogolo padaunjikana mabeseni, ndowa, mbale ndi makapu apulasitiki, zonse zokulungidwa m'mapepala onyezimira. Kenaka agogo ake a mtsikanayo adanyamuka pang'onopang'ono atasenza mtsuko pankhata, m'manja muli lichero ndi mthiko, ndipo ndidamva atsikana ena kumbuyo kwanga akunong'onezana kuti agogo abweretsa zachimidzi. Mu Okutobala chaka chatha ndidapita kukacheza kubanjalo. Mabeseni aja ena adang'aluka ndi dzuwa, limodzi akumweramo nkhuku, ndipo zidutswa za ena ndidaziona kudzala. Mtsuko uja ndidaupeza pakona pabalaza utavundikiridwa ndi mbale, ndipo madzi amene adanditungira m'menemo adali ozizira bwino, pamene magetsi adali atathima kuyambira m'mawa.

Kuzizira kwa madzi a mumtsuko si matsenga ayi. Dothi lootcha limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, madzi pang'ono amatulukira kunja ngati thukuta, ndipo akamauma amachoka ndi kutentha kwa m'katimo. Pogula, ugogodeni ndi chala: mtsuko wopsa bwino umalira momveka, pamene wamng'alu umalira mogontha. Yang'ananinso ngati woumba adaukulungiza bwino ndiponso ngati ukukhazikika osapendama. Koma popeza tonse tikukumbukira mmene kolera idativutira mu 2022 ndi 2023, amene akupereka mtsuko aperekenso chovundikira chake ndi kapu imodzi yachigwiriro yotungira, ndipo madziwo akhale othira mankhwala kapena owiritsa.

Amene akufuna ziwiya zoti n'kuika patebulo pamaso pa alendo olemekezeka, safunika kupita kutali. Dedza Pottery ili pompano, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1980 yakhala ikuumba makapu, mbale, matipoti ndi matailosi zojambulidwa pamanja, zina zili ndi nsomba, zina nyama zakutchire, zina midzi ndi mapiri athu. Boma lathu lino lili ndi dothi labwino loumbira, makamaka cha ku Linthipe. Alendo ochokera kunja amaima pamenepo n'kunyamula katunduyu kupita naye kwawo, pamene ife eni dera timangodutsa ngati sizikutikhudza. Ndikuvomereza kuti mitengo yake si ya aliyense, koma palibe lamulo loti mphatso ikhale ya mbale khumi ndi ziwiri. Makapu awiri okha, ina ya bambo ina ya mayi, ndi mphatso imene banja lingamweremo tiyi mpaka ana kukula, ndipo anthu a mumpingo kapena a banki m'khonde atha kusonkherana n'kugula zambiri pamodzi.

Mphatso imene ndimaiika patsogolo pa zonse kwa banja latsopano ndi chitetezo mbaula. Ndi mbaula yadothi imene magulu a amayi amaumba m'midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, ndipo mu 2013 boma lidalonjeza kuti mbaula zosatha nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020. Pa mafuwa atatu moto umabalalika ndi mphepo, pamene m'mbaulayi umasonkhana pansi pa poto ndipo dothilo limasunga kutentha, choncho tinkhuni tochepa, zitsononkho kapena mitengo ya nandolo zimakwanira kuphika nsima ndi ndiwo. Utsi umachepa, ndipo mwana wokwawa sagwera pamoto mosavuta. Aliyense amene adaona mmene mitengo yathera m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni, kapena ku Mvai kumene kumachokera madzi a damu la Mpira, amvetsa chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa. Mayi wa kuno kozizira, amene mu Juni amasonkha moto m'mawa ndi madzulo, ndiye amadziwa kutalika kwa ulendo wa kunkhuni.

Za madengu ndiye sindingathe kuzimaliza. Pitani pa Lizulu kapena pa Chimbiya tsiku la msika likatha, muone majumbo ali mbwee m'ngalande ndi m'minda, ena atakodwa m'mitengo, ena mbuzi zikutafuna. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60 pa muyeso wa kuchindikala kwake, mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma kachewere ndi tomato tikunyamulirabe m'majumbo omwewo chifukwa tidasiya kupita kumsika ndi dengu. Mukapatsa munthu dengu labwino lachigwiriro, mwamuchotsera jumbo ya tsiku lililonse kwa zaka zingapo. Otsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi ku Mtakataka apeza zoluka za mlaza zamitundumitundu: madengu, zipewa, mikeka ndi timphasa toikapo mbale zotentha patebulo. Kuno kumtunda kuli malichero ndi nsengwa za nsungwi ndi mphasa za bango. Ubwino wa nsungwi, bango ndi mlaza ndi wakuti zikadulidwa mosamala zimaphukanso pa tsinde lomwelo, ndipo chiwiyacho chikatha ntchito chimaola n'kusanduka manyowa. Posankha lichero yang'anani mkombero wake ngati wamangidwa mothina, ndipo muligogode pansi pang'ono; likagwetsa ufa ndiye kuti lafumbwa kale, lisiyeni. Ndidaona m'nyumba ina ku Lilongwe malichero atatu osiyana kukula atakolekedwa pakhoma la pabalaza, ndipo adakongoletsa chipindacho kuposa maluwa apulasitiki amene timangowasiya akuchita fumbi pamwamba pa kabati.

Pa zosema ndipamene ndikufuna tichenjere, chifukwa si chilichonse chopangidwa kwathu kuno chimene chili chokomera chilengedwe. Ku Mua, kumene mishoni idayamba mu 1902, kuli malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher Chisale adakhazikitsa mu 1976, ndipo amisiri ophunzira kumeneko asema zinthu zimene zili m'matchalitchi ndi m'nyumba zambiri m'dziko muno ndi kunja. M'mbali mwa msewu wa Khwekhwerere anyamata amapanga timagalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa mwaluso lodabwitsa, ndipo mwana amene walandira kagalimoto kotere amasewera nako nthawi yaitali kuposa kapulasitiki kamabatire kamene kamafa tsiku la Khirisimasi lomwelo. Luso limeneli ndi loyenera kulilemekeza ndi ndalama zathu. Komabe phingo, mlombwa ndi mbawa ndi mitengo imene imatenga zaka makumimakumi kuti ikhwime, ndipo ikutha. Wogula asachite manyazi kufunsa kuti chosemacho ndi cha mtengo wanji ndiponso mtengowo udachokera kuti. Mthiko, chipande kapena kampando ka mtengo wodzala, monga malaina kapena bulugama, kamagwira ntchito bwinobwino. Ngati mtima uli pa phingo, gulani kanthu kakang'ono kosemedwa bwino kamene mudzasunge moyo wanu wonse, osati chimtengo chachikulu chongodzaza pakhonde. Amisiri akaona kuti ogula akufunsa mafunso amenewa, iwonso adzayamba kusamala kumene akutenga mitengo.

Chitenje sichisowa pa mphatso za amayi, ndipo sindikuchinyoza, ngakhale tikudziwa kuti zitenje zambiri za m'misika yathu zimachokera kunja. Chimene ndingalangize n'chakuti tipite kwa atelala athu, amene pansi pa makina awo pamakhala mulu wa tizidutswa timene amangotentha. Telala waluso amalumikiza tizidutswa timeneti n'kusoka chikwama cha kumsika, zovala za mapilo, epuloni kapena chofunda cha mwana, ndipo palibe ziwiri zimene zimafanana. Ndiponso m'malo mwa mapepala onyezimira aja, amene amang'ambidwa m'kamphindi n'kukathera kudzala, kulungani mphatso yanu m'chitenje kapena muiike m'nsengwa, kuti chokulungiracho chikhalenso mphatso.

Kwa iwo amene ali ndi malo, mbande ya mtengo wazipatso ndi mphatso yotsika mtengo koma yokhalitsa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, choncho maukwati a kumapeto a chaka ndi Khirisimasi zimagwera pa nthawi yake yeniyeni. Kuno kumapiri mapichesi ndi mapeyala amachita bwino, ndipo kumunsi kotentha mango omezanitsa sachedwa kubereka. Botolo la uchi wa alimi a njuchi nalonso ndi labwino, chifukwa munthu amene wapachika ming'oma m'nkhalango salola kuti wina aitenthe kapena kuotchamo makala. Kwa mwana wa sukulu wa kumudzi, kanyali kasola kamamupatsa kuwala kowerengera popanda kugula makandulo ndi mabatire amene timangowataya paliponse.

Pali khalidwe lina limene limandipweteka mtima. M'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsutsa ngakhale pang'ono, koma tikafika kwa agogo amene adakumba dothi kudambo, kuliponda, kuumba, kudikira kuti liume pamthunzi ndi kutola nkhuni zootchera, timanenerera mpaka atigulitse pa mtengo wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Tikatero tisadabwe kuti ana awo akukana kuphunzira lusolo. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016 pofuna kuti tizigula zathu, koma ndondomekoyo siingafike pa Masasa kapena pa Tsangano ngati ife ogula tikuona woluka dengu ngati wopemphetsa. Kunenerera ndi chikhalidwe cha pamsika, sindikukana, koma kukhale ndi malire ndi ulemu. Nawonso amisiri athu ndiwapemphe kuti azimaliza bwino ntchito yawo, pakuti mkombero womasuka, mpando wogwedera kapena mphika wosapsa ndi zimene zimapatsa anthu chifukwa chonenera kuti zakwathu n'zosalimba.

Ndikupempha amayi a m'makomiti okonza zinkhoswe ndi maphwando a mphatso za kukhitchini kuti polemba mndandanda wa zofunika aziikapo mbaula, mtsuko, dengu ndi lichero, ndipo oyendetsa mwambo azitchula zinthu zimenezi ndi ulemu womwewo umene amatchulira firiji. Inunso akonzi, mutatuma atolankhani anu kuti azijambula amisiri a m'maboma ndi kulemba kumene amapezeka, mungathandize owerenga a m'tauni amene amafuna katunduyu koma sadziwa kokamugula.

Mu Disembala muno mdzukulu wanga akukwatiwa ku Mlangeni. Ndalankhula kale ndi amayi oumba mbaula kuti andisungire imodzi yopsa bwino, dengu ndikagula ku Golomoti, ndipo mbande ziwiri za mapeyala zili kuseri kwa nyumba yanga, ndikuzithirira m'mawa uliwonse podikira tsikulo.

Ine wanu wowerenga,
Mayi wa ku Bembeke, Dedza