Mabuku otsata mibadwo yambiri amafuna pensulo pambali

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa dandaulo la owerenga ena, loti mabuku otsata banja limodzi kuyambira kwa agogo mpaka kwa zidzukulutudzi amazunguza mutu. Ambiri amawatseka asanafike pakati. Cholakwika n'chakuti amawawerenga ngati nthano ya Kalulu, kudikira kuti mpangankhani mmodzi awaperekeza mpaka kumapeto.

Tengani Homegoing, buku la Yaa Gyasi la mu 2016. Lili ndi mitu 14, ndipo mutu uliwonse uli ndi mwini wake. Effia ndi Esi ndi ana a mayi mmodzi, abambo osiyana. Effia akwatiwa ndi mzungu ku linga la Cape Coast ku Ghana, pomwe Esi watsekeredwa m'chipinda chapansi pa linga lomwelo, kudikira chombo cha akapolo. Kuchokera apo mitu ikusinthana, wina wa mbumba ya ku Ghana, wotsatira wa ya ku America. Mukangoyamba kumuzolowera munthu, nkhani yalumpha kale kupita kwa mwana wa mbale wake.

Mankhwala ake ndi pepala limodzi, lolemba mzere pakati. Pomaliza mutu lembani dzina, kholo lake, malo, ndi chinthu chimene walandira kwa akuluakulu, monga mwala wakuda umene ukuyenda m'manja mwa ana a Effia. Chithunzi cha mibadwo chomwe amasindikiza koyambirira kwa buku n'chothandiza, koma chiphimbeni m'munsi ndi chikhatho, chifukwa chimaulula msanga amene adzabereke ndi amene mbewu yake idzathere panjira.

Mayina obwerezabwereza nawo ndi msampha. Mu One Hundred Years of Solitude la Gabriel García Márquez, msilikali mmodzi ali ndi ana aamuna 17, onse dzina lawo Aureliano. Apatseni mayina achipongwe anuanu, basi.

Koma pomwe ife timagwa kwambiri ndi pa chibale. Chingerezi chimathira malume ndi bambo aang'ono m'thumba limodzi, mayi aakulu ndi azakhali chimodzimodzi. Wokulira kuchikamwini akamva za mkangano wa munda, maso ake amathamangira kwa malume poganiza kuti ndiwo eni mbumba, pomwe m'mabuku ambiri otere dzina ndi chuma zimatsika ndi bambo. Choncho papepala paja lembani chibalecho m'Chichewa, ndipo muonetse mbali imene munthuyo wachokera.

Wofotokoza aliyense mumumvere ngati mboni pabwalo la mfumu. Mwana akati bambo ake anali ouma mtima, musagamule msanga, pakuti mwina mutu wa bamboyo munaudutsa kale ndipo mukudziwa zimene mwanayo sanauzidwe. Ndiponso musalekeze kuwerenga pakati pa mutu. Mukadzabwerera patatha sabata, simudzakumbukira kuti mawu mukuwamvawo ndi a ndani.

Wowerenga wanu,
Zomba