Tisunge dzuwa la masana m'zinthu zosungunuka, osati m'mabatire okha

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya magetsi a sola, ine amene ndimakhala kuno ku Chigwa cha Shire kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ambiri akamakamba za sola amangoganiza za mapanelo ndi mabatire, chonsecho batire ndi lodula ndipo kumalo otentha ngati kuno silichedwa kufooka. Komanso dzuwa likalowa, chimene timasowa kwambiri ndi kuzizira kosungira mkaka, nsomba ndi katemera, ndiponso moto wophikira nsima ya usiku. Zonsezi zikhoza kusungidwa popanda batire.

Chinthu cholimba chikamasungunuka chimamwa kutentha kochuluka icho osatentherapo, ndipo chikamaundananso chimabweza kutentha konse kuja. Ayisi ndiye chitsanzo chodziwika kwa aliyense. Kuti kilogalamu imodzi ya ayisi isungunuke, pamafunika kutentha kofanana ndi kumene kungakweze kilogalamu imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80, koma nthawi yonse imene akusungunuka, ayisiyo amakhalabe pa madigiri 0. Mafuliji a katemera a mtundu watsopano, amene amalumikizidwa ku panelo mwachindunji, amagwira ntchito motero: masana amaumitsa madzi amene ali m'kati mwa zipupa zake, ndipo usiku ayisiyo amasungunuka pang'onopang'ono n'kusunga katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ngati njirayi ikutetezera katemera wa ana athu, ndikuona kuti ikhoza kuthandizanso magulu a alimi a mkaka ku Thyolo ndi asodzi a chambo ku Mangochi.

Madzi si okhawo amene amatero. Pali mitundu ya phula la parafini imene imasungunuka pa madigiri 28, mafuta a kokonati amasungunuka cha pa madigiri 24, ndipo mchere wina wotchedwa Glauber, umene umakhala ndi madzi m'kati mwake, umasungunuka pa madigiri 32. Zinthu zoterezi zikatsekeredwa m'timatumba kapena m'mapaipi n'kuikidwa pamwamba pa siling'i, zimamwa kutentha kochokera ku malata masana, nyumba osasanduka uvuni. Nzeruyi si yachilendo. M'chaka cha 1948 katswiri wina wamkazi, Maria Telkes, anagwiritsa ntchito mchere wa Glauber potenthetsa nyumba ku Dover, m'dera la Massachusetts ku America. Patapita zaka zochepa mcherewo unalekana ndi madzi ake, zotengera zake zinachita dzimbiri, ndipo ntchitoyo inaima. Phula nalo lili ndi vuto lake, pakuti limayaka moto ndipo limachedwa kulandira ndi kutulutsa kutentha.

Apa ndi pamene ndikufuna kuchenjeza, chifukwa ndimaopa kuti tsiku lina zinthuzi zidzafika m'mashopu athu n'kumagulitsidwa chimodzimodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Kuti chinthu chosungunuka chigwire ntchito mawa, chiyenera kuundananso usiku wa lero. Ku Dedza kapena ku Mzuzu, kumene usiku kumazizira, phula losungunuka pa madigiri 24 likhoza kulimba bwinobwino kusanache. Kuno kwathu nthawi yotentha timagona panja chifukwa m'nyumba mumakhalabe motentha mpaka m'bandakucha, ndipo phula lomwelo likhoza kukhala lamadzimadzi sabata yonse, mwini nyumba atataya ndalama zake pachabe. Dera lililonse lifunika chinthu chogwirizana ndi usiku wake, komanso nyumba yokhala ndi mipata yoti mphepo ya usiku izidutsa pamwamba pa siling'i.

Pa za kuphika, ofufuza a ku Norway mogwirizana ndi anzawo a ku Uganda, Ethiopia ndi Mozambique akhala akuyesa mchere wa nitrate wosungunuka cha pa madigiri 220, kuti kutentha kwa masana kuphikire chakudya cha madzulo. M'dziko limene mapiri ake akutha ndi makala, ntchito imeneyi ndi yofunika kuitsatira mwachidwi.

Pempho langa likupita ku masukulu athu a ukachenjede monga MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre ndi Mzuni ku Mzuzu, kuti amange tinyumba toyeserera ta malata ku Ngabu, ku Salima ndi ku Dedza, ayeze kutentha kwa masana ndi usiku kwa chaka chathunthu, kenaka atiuze m'Chichewa chomveka kuti ndi chinthu chiti chimene chimaundana kuti, chimapirira nyengo zingati, ndipo kilogalamu yake ikhoza kugulidwa makwacha angati.

Mphunzitsi wa sayansi,
Chikwawa