Ma grade okha asatseke khomo la masters ya psychology

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za ana athu amene amafuna kupita ku masters ya psychology, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, koma amabwezedwa pakhomo pomwe chifukwa cha ma grade a digiri yoyamba.

Kuno ku Zambia digiri imatuluka ndi distinction, merit, credit kapena pass chabe, ndipo amene amasankha anthu a masters amayamba kuona pamenepo, ukakhala ndi pass nthawi zambiri fomu yako siifika ngakhale pa thebulo la ma lecturer. Ine sindikuti ma grade alibe nchito ayi. Munthu amene anavutika ndi statistics ndi research methods akalowa masters adzalira ndithu, chifukwa kumeneko ndi kafukufuku yekhayekha. Ma course awiri amenewo ayang'aneni mwamphamvu, komanso ma marks a chaka chachitatu ndi chachinayi. Koma C ya first year, mwana atangofika kumene mu Lusaka kuchokera ku Chadiza kapena Vubwi, Chingerezi cha ma lecturer sanachizolowere, akugona mokhalirana mu room ya mnzake, imeneyo imuletse kuphunzira moyo wake wonse? Kumbukiraninso kuti meal allowance, ndalama ya chakudya imene boma limapatsa ophunzira a pa yunivesite, inachotsedwa mu 2019 n'kubwerera mu 2023, ndiye alipo amene analemba mayeso ndi njala ya zoona zaka zimenezo.

Mwana wa achemwali anga ndi mmodzi wa iwo. Anatuluka ndi pass, manje ali pa kiliniki ina kumudzi ngati psychosocial counsellor, amakhala pa benchi kuseri kwa pharmacy ndi atsikana amene atenga mimba ali pa sukulu, azibambo amene feteleza wa ngongole wawasowetsa tulo, ena amene asiya kumwa ma ARV chifukwa chotaya mtima, ndipo amalankhula nawo m'Chichewa chawo chomwe mpaka munthu amamasuka n'kunena za kukhosi. Anafunsira malo pa yunivesite ina, anamukana osamuitana olo ku interview.

Pulofesa Robert Serpell, amene anakhalapo Vice Chancellor wa University of Zambia (UNZA), anachita kafukufuku wake kuno kwathu ku Katete, ndipo anapeza kuti akuluakulu a m'midzi poyesa nzeru za mwana saona kuchenjera kokha, amaonanso ngati ndi wotumika, wodalirika pakati pa anthu. Zimenezi zimaphunzitsidwa m'makalasi a psychology momwemo, nanga bwanji posankha ophunzira timaziiwala?

Lamulo la za matenda a maganizo, Mental Health Act la 2019, linalowa m'malo mwa lakale lija la atsamunda, koma lamulo palokha silikhala pansi ndi wodwala, pamafunika anthu ophunzira. Sizoona kuti aliyense amene mutu wamusokonekera ku Lundazi kapena ku Petauke tizingoganiza zomukweza basi kupita ku Chainama, chipatala cha odwala maganizo ku Lusaka.

Ndiye pempho langa kwa akuluakulu a ma yunivesite ndi ili: amene ali ndi pass koma wagwira nchito ya uphungu zaka zingapo muitaneni ku interview, werengani makalata a omuyang'anira pa nchito, mupatseni mayeso olowera kapena postgraduate diploma ayambe wadzionetsa. Akalephera pamenepo mukaneni, palibe adzadandaule. Ndipo muzilemba poyera pa advert kuti ma grade mumawawerengera bwanji, chifukwa ndalama ya fomu anthu amachita kugulitsa nshawa kuti aipeze.

Mphunzitsi wa guidance,
Kapata, Chipata