Kwa mnzanga wa ku London: za ulendo wa njinga yamoto ku Hebrides

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Glasgow tilipo. Pa za ulendo wanu wa ku zilumba za Outer Hebrides, kumadzulo kwa Scotland, musayambe ndi malo ogona. Yambani ndi matikiti a sitima zapamadzi, chifukwa ndizo zidzalamule tsiku lililonse la ulendowu.

Muyambire kummwera n'kumalowera kumpoto, popeza mphepo ya kumeneko imakonda kuchokera kummwera chakumadzulo, ndiye izidzakukankhani kumsana. Kuchoka ku Glasgow mutenge msewu wa A82 m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, kenako A85 mpaka ku Oban, makilomita pafupifupi 160. Mudzakwera sitima zinayi, zonse za kampani ya CalMac. Ya ku Oban kupita ku Castlebay pa chilumba cha Barra imatenga pafupifupi maola asanu. Ya ku Barra kupita ku Eriskay ndi mphindi 40 zokha. Kuchokera apo zilumba za South Uist, Benbecula, North Uist ndi Berneray anazilumikiza ndi misewu yomanga pa miyala, moti mumangodutsa madzi ali mbali zonse. Kenako ola limodzi kuchoka ku Berneray kukafika ku Leverburgh pa Harris, ndipo pomaliza Stornoway pa Lewis (Harris ndi Lewis ndi chilumba chimodzi) mpaka Ullapool kumtunda, pafupifupi maola awiri ndi theka.

Tikiti yoyamba kugula ikhale ya ku Berneray. Sitimayo ndi yaing'ono, imadzaza msanga m'chilimwe, ndipo imadutsa m'madzi osaya odzaza miyala, choncho masiku amene nyanja yaphwera kwambiri nthawi zonyamukira zimasinthidwa. Mukaipeza iyi, zinazo muzikonze moizungulira. Pa sitima zazikulu ziwiri, ya ku Oban ndi ya ku Stornoway, amafuna mukhale mwafika mphindi 45 isananyamuke, ndipo mukachedwa malo anu amapatsa wina ngakhale tikiti ili m'thumba. Musiyenso tsiku limodzi lopanda pulogalamu, poti mphepo ikakula sitima sizichoka padoko.

Njinga zambiri zimagwera pa mlatho wachitsulo wolowera m'sitima. Chitsulo chonyowa, chodonthera dizilo, chimaterera koopsa. Mudikire galimoto ya kutsogolo ithe kukwera kuti musaime pakati, mulowe pa giya yoyamba njinga ili chilili, ndipo buleki ya kutsogolo musaigwire mwadzidzidzi. M'katimo muyang'anenso mphete zachitsulo zomangirapo zimene zili pansi, tayala lisazipondere.

Mukaimika, muzimitse injini njinga ikadali pa giya yoyamba, muikankhe pang'ono kutsogolo mpaka giya itagwira, kenako muitsamiritse pa sitandi ya m'mbali. Ya pakati ayi, chifukwa sitima ikagwedezeka njinga imadumpha n'kutsikapo. Lamba womangira amadutsa pamwamba pa mpando, ndiye muikepo magolovesi kapena thaulo pansi pake asang'ambe chikopa. Amangidwe chokokera kumbali ya sitandi. Chogwirira buleki ya kutsogolo muchimange ndi kalabala kuti tayala lisayende. Alamu ya njinga muzimitse, apo ayi idzalira ulendo wonse n'kumaliza batire. Thanki musadzaze mpaka kukamwa musanakwere, njinga ikapendekeka petulo amadontha. Pa sitima zazikulu salola kubwerera kumene kuli magalimoto sitima ikanyamuka, choncho chikwama cha ndalama, jekete ndi mankhwala a mseru mukwere nazo. Mankhwalawo mumwe mukadali ku Oban, koma musankhe osagonetsa.

Misewu yambiri ya kuzilumbako ndi ya galimoto imodzi, yokhala ndi malo opatukirana. Malowo akakhala kumanzere mulowemo, akakhala kumanja muime moyang'anizana nawo kumbali yanu, winayo ndiye alowe. Nkhosa zimagona pamsewu, ndipo zitsulo zotchingira ziweto zoyala mumsewu muzidutse mowongoka, osagwira buleki. Makilomita 100 patsiku ndi okwanira ngati mukufuna kuonadi malo: ndege ikutera pamchenga wa gombe ku Barra, mchenga woyera wa ku Luskentyre, msewu wokhotakhota wa Golden Road kum'mawa kwa Harris, ndi miyala yoimika ya ku Calanais pa Lewis, imene yakhala pamenepo zaka pafupifupi 5,000.

Lamulungu ku Lewis ndi Harris anthu amalisunga ndithu. Masitolo ambiri ndi malo omwetsera mafuta amatseka, ndiye mafuta ndi chakudya mugule Loweruka. Mwezi wabwino ndi Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, usana uli wautali ndipo tizilombo totchedwa midges tisanachuluke. Timauluka m'chigulu ngati nkhungu za kunyanja kwathu, kungoti iti timaluma, makamaka madzulo kukakhala bata. Zovala zamvula ndi magolovesi achiwiri musasiye, ngakhale kutacha bwanji.

Mundiuze masiku amene mwapeza malo pa sitima ya ku Berneray, kuti tidziwe usiku umene mudzagone kuno musanapite ku Oban. Moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzanu,
wa ku Glasgow